Bandeji pa Mwendo Wosapweteka

Mnzanga wacinyamata, ndifuna kukuuza cinthu cimene ndinabisa kwa zaka zambiri, ngakhale kwa amai anga ondibala. Mwina ukacimva udzaseka. Mwinanso sudzaseka, cifukwa nawenso unacicitapo.

M'caka ca 1991 Samuel Matete anapambana mpikisano wa dziko lonse ku Tokyo, pa liwiro la mamita 400 lolumpha zopinga. Ife anyamata a kwathu ca ku Katete tinapenga naye. Tinali kupingasa nsungwi pa njira yopita kudimba ndi kumalumpha mpaka dzuwa kulowa, aliyense kudzicha Matete. Anzanga ambiri anali kungosewera cabe, koma ine liwiro ndinali nalo ndithu. Caka cotsatira, ndili giredi 10 pa sukulu yogonera komweko, aphunzitsi a zamasewera anandiika mu timu ya sukulu. Ndinali wa mamita 400, ndiponso womalizira pa liwiro la anthu anai lopatsirana kamtengo.

Pokonzekera pa bwalo lathu panalibe wondigwira. Bvuto linayamba titapambana masukulu oyandikana nafe. Lolemba lake m'mawa aphunzitsi aakulu anandiitanira kutsogolo, pamaso pa sukulu yonse, nati, "Uyu ndiye Matete wathu. Ku mpikisano wa boma tikamuonera uyu, ndipo ku Chipata akatiimira ndi yemweyu." Anthu anaomba m'manja. Ine ndinamwetulira, koma m'mimba munacita ngati mwagwera mwala.

Kuyambira tsiku limenelo tulo tinathawa. Anzanga akuliza mkonono, ine maso ali gwa, kuthamanga mpikisano m'mutu. Ndipo m'mutumo sindinali kupambana ai. Nthawi zina ndinali kugwetsa kamtengo, nthawi zina kupunthwa pa kona yomaliza atsikana akuseka. Nsima ndi nyemba, imene masiku onse tinali kulimbirana, inayamba kukana kutsika pakhosi. Ndikangomva wezulo, ngakhale wa anyamata a mpira, mtima unali kugunda ngati ng'oma ya gule, manja kuzizira, m'kamwa kuuma. Kucimbudzi ndiye ndinali kupita ngati ndadya mango osapsa. Sindinauze munthu. Ndikanati ciani? Kuti Matete wa sukulu akuopa kuthamanga?

Usiku wakuti mawa ndi mpikisano ndinabwereka bandeji kwa mnyamata wina wa mpira, ndi kuimanga pa kakolo ka mwendo wamanja. M'mawa ndinafika pa lole ndikutsimphina. Ndinati ndinapindika mwendo potuluka usiku. Aphunzitsi anagwada, nadina pa kakolopo, ine ndi kukuwa monga ndinakonzera. Anandiyang'ana kumaso kwa nthawi yaitali osanena kanthu. Kenaka anati, "Kwera. Ukaonerere anzako."

M'malo mwanga anaikamo kamnyamata ka giredi 8 kamene kanali kasanathamangepo mamita 400 pa mpikisano. Anzanga atatu aja anathamanga ndi mtima wonse, ndipo pomupatsa kamtengo mwanayo tinali patsogolo. Anayesetsa, wacisoni, koma pa kona yomaliza miyendo inamuthera, anthu atatu ndi kumupitirira. Opita ku Chipata anali awiri oyamba okha. Mmodzi wa anzangawo anali giredi 12, ndipo umenewo unali mwai wake wotsiriza. Madzulo pobwerera ku lole, iyeyo ndiye anandiwerama nati, "Bwera ndikubereke, mwendowo ungatupe." Anandibereka bwalo lonse. Mnzanga, pa zinthu zonse zimene ndanyamula pa moyo wanga, palibe colemera ngati kuberekedwa kumene kuja.

Ndinatsimphina milungu iwiri kuti bodza likhwime. Sindinabwererenso pa bwalo. Aphunzitsi atandifunsa caka cotsatira ndinati ndifuna kulimbikira maphunziro, ndipo anthu anandiyamikira kuti ndine mwana wanzeru.

Panapita zaka zambiri ndisanadziwe kuti cimene cinandigwira cili ndi dzina, ndipo si ufiti, si ulesi, si utsiru. Ndi nkhawa. Tonse timalidziwa liwu limeneli, koma timaganiza kuti nkhawa ndi ya makolo osowa ndalama za feteleza. Sitiganiza kuti ingagwire mnyamata wa zaka 16 wamphamvu zake, kapena mtsikana amene pa bwalo la mpira wamanja amalumpha ngati insa.

Tamvera mmene thupi limagwirira nchito. Ubongo ukaona coopsa, umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri timene tili pamwamba pa impso, ndipo timeneti timatulutsa adrenaline m'magazi. Mtima umayamba kugunda msanga kuti magazi afike ku minofu. Kupuma kumafulumira. Magazi amacepa ku khungu ndi kumimba, ndiye cifukwa cake manja amazizira, cakudya cimakana, m'mimba mumabwadamuka ndipo umafuna kukodza pafupipafupi. Zonsezi ndi zokonzekeretsa munthu kuthawa kapena kumenyana. Ukakumana ndi njoka m'munda, ndi zimenezi zimakulumphitsa usanaganize. Koma ubongo susiyanitsa kwenikweni njoka ndi maso a anthu mazana atatu okuyang'ana pa mzere woyambira. Kuopa manyazi kumayatsa moto womwewo.

Ndipo moto umenewu si mdani wako nthawi zonse. Wothamanga wopanda kugunda kwa mtima ngakhale pang'ono amanyamuka mwaulesi. Pamafunika kakutentha kena kuti maso akhale cheru ndi miyendo ipepuke. Koma kukapitirira muyeso, minofu imauma, mapewa amakwera, maganizo amamwazika, ndipo cinthu cimene umacita bwino masiku onse cimakukanika ngati sunaciphunzirepo. Ine ndikanadziwa izi, ndikanamva mtima ukugunda ndi kunena kuti thupi likukonzeka. M'malo mwake ndinali kuganiza kuti ndikudwala, kapena wina wandiponda, ndipo ganizo limenelo linali kuonjezera nkhuni pamoto.

Usaganize kuti ndi ana a sukulu okha amene bwalo limawalemera. Funsa akulu ako za pa 12 Febuluwale 2012, pamene Chipolopolo inakumana ndi Ivory Coast ku Libreville. Didier Drogba, munthu wogoletsa m'mabwalo akuluakulu a ku Ulaya, anapatsidwa penate masewera ali mkati, naumenya mpira pamwamba pa golo. Pa mapenate omaliza, Kennedy Mweene atagwira wa Kolo Touré, cikho cinali pa phazi la Rainford Kalaba, koma nayenso anaumenya m'mwamba. Gervinho anacita cimodzimodzi. Amuna amenewa akanatha kugoletsa kucokera pa mamita 11 aja ali mtulo, koma usiku umenewo dziko lonse linali pa mapewa awo. Ndimakumbukiranso kuti anyamata athu anali kuimba pamodzi podikira, mpaka Stoppila Sunzu anamaliza nkhani pa 8 kwa 7. Ine kuimba kuja ndimakuona ngati nzeru. Munthu woimba amatulutsa mpweya pang'onopang'ono, ndipo amamva kuti sali yekha. Nayenso Simone Biles wa ku America, katswiri wa masewera a gymnastics, analeka mipikisano ingapo pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021 nanena poyera kuti maganizo ake sanali bwino. Ena anamunyoza. Mu 2024 ku Paris anabwerera ndi kutenga mendulo zitatu zagolide. Iye ananena zoona ndi kubwerera. Ine ndinanama ndipo sindinabwerere.

Masiku ano ndimathandiza acinyamata a pa chalichi pathu pa masewera, ndipo bandeji yanga ija ndaiona itabvala nkhope zambiri. Nkhawa sibwera ndi kunena kuti ndine nkhawa. Wina mutu umamuwawa Cisanu ciliconse ngati Ciweru kuli masewera. Wina amasanduka waukali, kukalipira anzake pa kanthu kocepa, mpaka kupatsidwa kadi yofiira, ndipo ukamuyang'ana bwino potuluka umaona kuti wapumula. Wina amabisala m'bwalo momwemo, kuima pamalo pamene mpira sungamupeze. Palinso wina amene sakhutira, amathamanga yekha m'mawa ndi madzulo ngakhale bondo likutupa, cifukwa akuopa kuti akapuma tsiku limodzi adzatsala. Ameneyu ndiye timamuyamikira kwambiri, osadziwa kuti akuthawa cilombo.

Tinali ndi mtsikana wina wa zaka 15, woponya zigoli mu timu yathu ya mpira wamanja. Pokonzekera anali kuponya khumi ndi kugoletsa zisanu ndi zinai. Pa masewera enieni manja anali kunjenjemera, ndipo akaphonya kamodzi anali kupatsira mnzake ngakhale ali pansi penipeni pa golo. Kenaka anayamba kujomba. Tsiku lina anatumiza mng'ono wake kudzanena kuti cala cabvulala. Anzake anati wayamba matama. Ine nditamva za calaco, mtima unandiuza kuti ndikuidziwa nyimbo imeneyi.

Ndinapempha amai amodzi otsogolera atsikana kuti tikamuone pamodzi. Sitinamufunse za cala. Tinakhala pa khonde, ine ndi kumusimbira nkhani ya bandeji monga ndakusimbira iwe. Nditafika poberekedwa paja anaseka, nati, "Akochi, inuyo?" Ndinati, "Ine ndithu, mwanawe." Kenaka kuseka kunasanduka misozi. Anatiuza kuti atate ake, amene amamunyadira kwambiri, samufunsa cina akafika panyumba koma kuti wagoletsa zingati. Anatiuzanso kuti wina anamujambula pa foni akuphonya, kanemayo ndi kuzungulira pa WhatsApp m'kalasi lonse. Ife a kale tikacita manyazi pa bwalo, anali kuthera pa bwalo pomwepo. Inu a lero amakutsatirani mpaka pa mphasa usiku, ndipo pa ici ndimakumverani cisoni.

Zimene tinayamba kucita ndi mtsikanayo ungaziyese nawenso. Coyamba ndi mpweya. Munthu wa nkhawa amapuma mofulumira ndi pacifuwa cabe, ndipo potero amataya mpweya wa carbon dioxide wambiri, ndiye amamva cizungulire ndi dzanzi ku zala, nayamba kuopa kuti akomoka. Ika dzanja pamimba. Koka mpweya ndi mphuno uku ukuwerenga mpaka 4, mimba itukuke, kenaka utulutse pang'onopang'ono uku ukuwerenga mpaka 6. Kutulutsa kotalika ndiko kumatsitsa kugunda kwa mtima. Koma usadikire tsiku la mpikisano kuti uyese. Cita usiku uliwonse kwa mphindi zisanu, kuti pa tsiku lobvuta thupi likhale likuidziwa kale njira.

Cina ndi kupatsa maganizo nchito. Ukangowasiya, amathamangira kutsogolo: nanga ndikaphonya, nanga atate adzati ciani. Kuwauza kuti aleke kuganiza sikuthandiza ai, ndi ngati kuuza mbuzi kuti isayang'ane cimanga. Apatse kanthu kamodzi kamene kali m'manja mwako. Mtsikana uja anasankha kacitidwe kake: kuimika mapazi, kupuma kamodzi, kuyang'ana mkombero wa golo, kuponya. Nthawi zonse cimodzimodzi, kaya akutsogola kaya akutsalira. Wothamanga angaganize za manja ake pa mamita 50 oyamba, osati za mzere womaliza. Cigoli ndi kupambana zili m'manja mwa anthu ambiri, mphepo ndi woimbira yemwe. Mapazi ndi mpweya ndi zako.

Tinasinthanso kakonzekeredwe. Kale tinali kuponya mwakacetecete, ndiye pa masewera phokoso linali kumudzidzimutsa. Tinayamba kuitana ana a Sande sukulu kuti adzikuwa ndi kumenya zitini iye akuponya. Poyamba anaphonya kwambiri. Patapita milungu, makutu anazolowera. Mfundo yake ndi yakuti kuthawa cinthu coopsa kumapumulitsa lero koma kumakulitsa mantha a mawa. Ine pa lole paja ndinamva mpumulo wokoma zedi, ndipo mpumulo umenewo ndiwo unaphunzitsa thupi langa kuti bwalo ndi malo oyenera kuthawa. Kubwerera pang'onopang'ono, kuyambira pa zocepa, ndiko kumafooketsa mantha.

Za tulo ndinene mwacidule: wa msinkhu wako amafunika maola 8 mpaka 10, ndipo foni pa bedi ndi mbala ya tulo. Zakumwa zija amati zopatsa mphamvu zili ndi caffeine, amene amathamangitsa mtima womwe ukufuna kuukhazika. Mowa ndi camba, zimene anyamata ena amati zimacotsa manyazi, zimangobwereketsa kulimba mtima kwa ola limodzi ndi kudzalipiritsa kawiri. Nanga kacithumwa ka mu sokosi? Ndinaonapo mnyamata wapagolo amene anakana kulowa m'bwalo cifukwa anaiwala kake kunyumba. Cinthu cimene amati cimamulimbitsa ndico cinamusandutsa kapolo.

Tsono pali malire amene ndifuna uwadziwe bwino. Mantha amene amabwera masewera asanayambe ndi kucoka wezulo akalira ndi a aliyense. Koma ngati nkhawa yakhala milungu ndi miyezi, yakutsata m'kalasi ndi kunyumba, tulo ndi cakudya zasokonezeka, zimene unali kukonda zakukowa, kapena umagwidwa mwadzidzidzi ndi mantha aakulu, mtima kuthamanga ndi kubanika ngati ukufa, pamenepo kupuma mowerenga pakokha sikukwanira. Ndi mmene zinalili ndi mtsikana uja. Titakambirana ndi amai ake, anapita naye ku kiliniki. Anamupima kaye thupi, ndipo anacita bwino kutero, cifukwa kucepa magazi, mphumu ndi matenda ena zingabweretse kubanika ndi kugunda kwa mtima kofanana ndi nkhawa. Ndipo ukamva kupweteka pacifuwa kapena kukomoka uli mkati mothamanga, usangoti ndi mantha, pita akakupime. Pambuyo pake mtsikanayo anayamba kuonana ndi phungu. Ndidziwa zimene anthu amanena, kuti ukangochula za maganizo ndiye kuti ndiwe wa ku Chainama. Asiye alankhule. Nkhawa ndi bvuto lodziwika ndipo limathandizika. Kusukulu kuli aphunzitsi a uphungu. Ngati ulibe womuuza, nambala ya 116 ya Childline Zambia ndi yaulere. Ndipo ngati maganizo afika pofuna kudzibvulaza, usagone nawo usiku wina, uza munthu wamkulu lero lomwe. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Palibe angadziwe za mkati mwako iwe uli cete.

Ena adzakuuza kuti nkhawa ndi kucepa kwa cikhulupiriro. Ine usiku uja ndinapemphera kwambiri ndisanamange bandeji. Pemphero ndi labwino ndipo limakhazika mtima, koma wodwala malungo timamupempherera uku tikumukweza pa njinga kupita naye kucipatala. Tisamuonjezere mnzathu katundu wa kudziona wocimwa pamwamba pa umene wasenza kale.

Kwa inu atsogoleri a magulu, makochi ndi makolo amene mwabwereka magazini ino kwa ana anu, ndili ndi pempho. Aphunzitsi aakulu aja sanandifunire coipa, anali kundinyadira. Atate a mtsikana uja cimodzimodzi. Koma mau akuti "tonse tikudalira iwe" ndi thumba la cimanga pa mutu wa mwana. Mwana akabwera ku masewera, mufunseni ngati wadya, ngati wasangalala, cimene waphunzira. Zigoli adzakuuzani yekha. Akaphonya musamukalipire pa gulu. Ndipo mukaona bandeji yokayikitsa, musathamangire kumuyalutsa. Mutengereni pambali ndi kumufunsa kuti usiku akugona bwanji. Nditalankhula ndi atate aja anakhala cete kwa kanthawi, kenaka anati, "Ine ndimayesa ndikumulimbikitsa." Ciweru cotsatira anabwera ku bwalo ndi nzimbe, nakhala patali pansi pa mtengo osakuwa. Mwana wawo akusewerabe. Masiku ena amaphonya, ndipo manja amanjenjemerabe pa mphindi zoyamba, koma tsopano akaphonya amauitanitsanso mpira.

Mnzanga wa giredi 12 uja ndinakumana naye pa maliro ena ku Petauke, tonse imvi zitayamba. Usiku pa moto ndinalimba mtima ndi kumuuza zonse, kuti mwendo uja unalibe kanthu, ndi kuti ulendo wake wa ku Chipata ndinaudya ndine. Anasonkhezera cikuni osandiyang'ana. Ndinaganiza kuti wakwiya, ndipo akanakhala ndi cifukwa.

"Ndinadziwa," anatero. "Bandeji inali kumanja, koma potsika lole unatsimphina ndi wamanzere."

Ndinamufunsa cifukwa cimene anandiberekera ngati anali kudziwa.

"Aphunzitsi anali kukuyang'ana. Ndinafuna aleke." Anakhalanso cete, kenaka anaseka pang'ono. "Iwe unali kuganiza kuti ine ndinali kupita kukatani kuseri kwa lole tisanathamange? Ndinali kukasanza, mpikisano uliwonse. Ukanandiuza, tikanapitira limodzi."

Azimai anayambitsa nyimbo ina m'nyumba ya maliro, ndipo iye anandipatsira kapu ya tiyi.

"Koma unali wolemera, iwe," anatero.